Mfumu Yokhuta ndi Mimba ya Kamphinda

Ufumu wa Tionekere simungaupeze pa mapu, koma mukaufika simuchedwa kuuzindikira. Nyumba zake amazipaka penti kumaso kokha, mbali yoyang'ana kumsewu, ndipo mitengo amaithira laimu tsiku limene Mfumu ikudutsa. Lamulo loyamba la dzikolo, limene mwana amaliloweza asanadziwe kulemba dzina lake, limati chimene Mfumu yanena pa wailesi ndicho chachitika. Mfumu ikati mvula yagwa bwino chaka chino, anthu amapukuta thukuta n'kuthokoza.

Pa nthawi imene ndikunenayi pampando panali Chikhutiro Wachitatu. Sanali wankhanza ayi. Ankakonda kudya, ankakonda kutamandidwa, ndipo ankaopa chinthu chimodzi chokha kuposa imfa: kunenedwa kuti ndi wotsalira.

Ikamadya Mfumu, kuseri kwa mpando wake kunkaima bambo wina wowonda dzina lake Kamphinda, Wolawa wa Mfumu. Ntchito yake inkayendera Lamulo la Supuni Imodzi. Pa chakudya chilichonse ankatapa supuni imodzi yodzaza, pa chakumwa chilichonse ankamwa kamodzi, kenako n'kutsinzina ndi kupukusa mutu katatu kuti amve ngati chizungulire chikubwera. Akakhala kuti sanagwe, mbale inkapita kwa Mfumu. Amene anasulitsa supuniyo ndi agogo ake a Mfumu, munthu amene ankakayikira ngakhale mthunzi wake, ndipo anauza wosula kuti ikhale yaikulu ndithu kuti poizoni asapeze pobisala. Inatuluka ngati chipande. Kunyumba yachifumu zimenezi sizinkavuta, chifukwa kumeneko mbuzi inkabwera patebulo yathunthu.

Kamphinda anali atagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo inamutsalira miyezi itatu kuti apume. Mwambo unkati Wolawa amene wapuma ali moyo komanso wopanda mlandu amakhala mpaka imfa m'kanyumba kake ka kuseri kwa khitchini yachifumu. Wopezeka ndi mlandu amatuluka ndi mphasa yokha. Kanyumbako kanali ka zipinda ziwiri, koma pakhomo pake panali mitengo itatu ya mapeyala imene mkazi wake, Nankhoma, anabzala chaka chimene analowa. Mapeyalawo ndi amene Nankhoma ankagulitsa ku Msika wa Tipirire. Banjali linalibe kwina kopita, ndipo Kamphinda ankawerenga masiku otsalawo ndi mtima uli m'mwamba.

Ndiye mu mzinda wa Pamwamba munatsegulidwa lesitilanti yatsopano yotchedwa Mphesa za Kumwamba. Inali padenga pa nyumba yaitali kuposa zonse, ya nsanjika zisanu ndi imodzi. Mwini wake, Mayi Mwadzangati, anakaphunzira zophika kunja, ndipo kunena zoona ankaidziwa ntchito yake. Mababu a magetsi anawapachika m'mabotolo opanda kanthu, matebulo anali a matabwa osapala amene akalipentala amataya, ndipo nyimbo zinkaimbidwa motsitsa ngati m'nyumbamo muli wodwala. Khoma lonse la kumadzulo linali mabotolo a vinyo ogonekedwa chammbali. Anyamata ndi atsikana a m'maofesi ankapita kumeneko kukajambula mbale ndi mafoni awo, ndipo akatsika ankanena kuti chakudya cha kumeneko sadyera kukhuta koma kumvetsa.

Amene anabweretsa nkhaniyi m'bwalo la nduna ndi a Kaonekera, Nduna ya Zachitukuko Chooneka. Anati mfumu ya dziko loyandikana nalo la Tatsogola yajambulidwa kale ikudya m'malo otere, itanyamula tambula ya vinyo ndi zala ziwiri, pamene ife tidakali kung'amba nthiti za mbuzi ndi manja. Mfumu itamva zimenezi nkhope inagwa. Bwalo linakhala masiku atatu. Nduna ina yokalamba inafunsa ngati kumeneko amasambitsa m'manja, ndipo anaiuza kuti mafunso otere ndi amene akubweza dziko m'mbuyo. Anakhazikitsa komiti yophunzira mafoloko, ina yophunzira kununkhiza vinyo. Pamapeto pake analamula kuti Loweruka Mfumu ndi nduna zake akadya nkhomaliro ku Mphesa za Kumwamba, ndipo wailesi idzaulutsa zonse pomwepo kuti mtundu wonse udye nawo ndi makutu.

Asananyamuke, a Kaonekera anainong'oneza Mfumu malangizo omaliza.

"Chakudya chamakono, Mfumu, amadya ndi maso poyamba. Ndipo munthu wozindikira safunsa kuti china chili kuti."

Loweruka masana anakwera masitepe onse, chifukwa chikepe chinali chitapakidwa penti koma chisanalumikizidwe. Anafika padenga akupuma wefuwefu, njala itawagwira bwino. Mfumu inali isanadye kanthu kuyambira m'mawa, pokonzekera mbale zisanu ndi ziwiri zimene menyu inalonjeza. Kamphinda anaima kuseri kwake, supuni ili m'thumba la jekete.

Poyamba kunabwera weta wamtali wovala epuloni yakuda, botolo lili m'manja ngati khanda. Mwambo wa malo amenewa ndi wakuti amathira vinyo pang'ono m'tambula kuti mlendo alawe, akavomereza ndiye amadzaza. Kamphinda anatenga tambulayo, n'kumwa, n'kutsinzina, n'kupukusa mutu katatu. Weta anawerama mwaulemu, n'kuchoka nalo botolo, poganiza kuti vinyo wakanidwa. Anabwera ndi lina lakale kuposa loyamba. Kamphinda anamwa, anatsinzina, anapukusa mutu. Botolo linabwerera. Pofika botolo lachisanu, Mayi Mwadzangati anatuluka okha m'khitchini kudzaona munthu wa lilime lovuta chonchi, ndipo Kamphinda anali atagwirira kumsana kwa mpando, chifukwa chizungulire chimene anachidikira zaka makumi atatu chinali chitafika. Ku milomo ya Mfumu sikunafike ngakhale dontho.

Kenako mbale yoyamba inabwera. Inali yaikulu, yoyera mbee, ndipo pakati pake panali theka la dzira la zinziri litakhala pa tsamba limodzi la chisoso, pambali pali kamzere kobiriwira. Weta anafotokoza mbiri ya dziralo kwa mphindi zitatu. Kamphinda anatulutsa supuni, anayang'ana mbale, anayang'ana supuni. Lamulo linkati supuni yodzaza, koma chakudya chonsecho sichikanafika ngakhale theka. Anayang'ana a Kaonekera, ndipo iwo anamutuzulira maso kuti asachedwetse mwambo, dziko likumvera. Anatapa kamodzi, zonse psiti. Anatsinzina, anapukusa mutu, n'kuika mbale patsogolo pa Mfumu.

Mfumu inayang'ana mbale ija nthawi yaitali. Inayang'ananso muulutsi wa wailesi, amene anali atagwada pafupi, maikolofoni ili pafupi ndi chibwano chake. Inakumbukira kuti munthu wozindikira safunsa. Inanyamula foloko, inakanda pa kamzere kobiriwira kaja, inanyambita, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Chozama," inatero.

Nduna zonse zinaomba m'manja, ndipo muulutsi anauza dziko kuti Mfumu yaimvetsa mbale yoyamba.

Zinapitirira chomwecho. Kunabwera kansomba kofanana ndi chikhadabo, kataphimbidwa ndi thovu. Kunabwera kachidutswa ka dzungu kamene weta anati kakukumbukira ubwana wake. Kunabwera nyama ya mbuzi yophikidwa masiku awiri, imene ikanakwana m'bokosi la machesi n'kutsala malo. Chilichonse chinkathera m'supuni ya Kamphinda, ndipo Mfumu inkalandira mbale, mzere ndi fungo. Mayi Mwadzangati ataona zimenezi anadandaula, nafuna kutumiza mbale yachiwiri pa chakudya chilichonse, koma a Kaonekera anawaletsa. Anati Mfumu ikawonjezera pa wailesi, a ku Tatsogola adzaiseka kuti ndi yadyera. Chimene chinafika kwa Mfumu chili chochuluka ndi madzi okha, ndipo inamwa matambula asanu ndi limodzi.

Ayisikilimu wa malambe atadutsa njira yomweyo, Mfumu inaimirira kuti ilankhule ku mtundu wake. Inatamanda chitukuko, inatamanda mafoloko, inatamanda thovu. Kenako inakweza mawu.

"Anthu anga a Tionekere, chibadwire ine sindinakhutepo chonchi."

Pomwepo m'mimba mwake munalira mokweza, maikolofoni ili pafupi. Muulutsi sanachedwe, anati amenewo ndi mabingu, chizindikiro cha mvula yabwino.

Ku Msika wa Tipirire anthu ankamvera pa wailesi ya bambo wogulitsa matemba. Wina anafunsa ngati thovu limagulitsidwa pa mulu. Wina anati dzungu lake nalonso limakumbukira zambiri, koma palibe amalifunsa. Nankhoma sanaseke nawo. Anati iye amakhala pafupi ndi khitchini yachifumu ndipo Mfumu ikamadya amaimva, koma lero wamvera maola awiri osamva kutafuna. Anasonkhanitsa mapeyala ake n'kupita kunyumba dzuwa lisanalowe.

Mfumu inabwerera kunyumba yachifumu, n'kupeza ophika onse anapatsidwa tchuthi polemekeza tsikulo. Zimene inanena kwa a Kaonekera madzulo amenewo sizinaulutsidwe pa wailesi, choncho sizinachitike. Koma a Kaonekera anatuluka akudziwa kuti pafunika mutu wina woti nkhonya zigwerepo, ndipo mutu wawo ankaukonda. Lamulungu m'mawa Kamphinda analandira kalata yomuitana kubwalo Lolemba, pa mlandu wodya nkhomaliro ya Mfumu pamaso pa Mfumu.

Kamphinda anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala tsiku lonse, kalata ili pabondo. Anali ndi mantha, komanso zinamuwawa. Zaka zonsezi anali wokonzeka kufera Mfumu katatu pa tsiku, ndipo tsopano amuthamangitsa chifukwa cha theka la dzira. Nankhoma anabwera kudzakhala pambali pake, namufunsa ngati zinthuzo zinali zokoma n'komwe. Kamphinda anavomera kuti zinali zokoma kwambiri, koma kukoma kwake kunali ngati moni wa munthu amene ali m'basi yoyenda.

"Ndiye mukanena chiyani mawa, abambo?"

Anati akapepesa, akagwada, akafotokoza za kukula kwa supuni.

"Mukapepesa ndiye kuti mwavomera, ndipo mitengo iyi adzadya ena," anatero Nankhoma. "Musakafotokoze kanthu. Ine ndinamvera wailesi. Mukangofunsa funso limodzi basi, kenako mukakhale chete."

Lolemba bwalo linadzaza. A Kaonekera analankhula maola awiri. Anati Kamphinda ndi fisi wovala jekete, kuti anameza chitukuko cha dziko mbale zisanu ndi ziwiri motsatizana, kuti anakaniza Mfumu vinyo mabotolo asanu, ndipo anasiya mwini dziko ndi njala pamaso pa anthu. Anapempha kuti achotsedwe ntchito tsiku lomwelo, ndipo kanyumba kake kagwetsedwe kuti pamalopo pamangidwe mosungira vinyo wachifumu. Mfumu inakhala pampando, nkhope ili gwa. Atamupatsa mpata, Kamphinda anaimirira, anaomba m'manja mwaulemu, nalankhula motsitsa.

"Zikomo Mfumu, mwini dziko. Ine ndine munthu wosaphunzira, ndingofuna andithandize a Nduna. Kodi Loweruka lija Mfumu sinakhute?"

Aliyense m'bwalomo anali atamva mawu a pa wailesi aja, ndipo aliyense ankalidziwa lamulo loyamba. Kunena kuti Mfumu inali ndi njala kunali kunena kuti Mfumu inanama ku mtundu wonse. Kunena kuti inakhuta kunali kuthetsa mlandu, pakuti munthu wokhuta sadandaula kuti amudyera. Nduna yokalamba ija inayamba kutsokomola mosalekeza. Mfumu inayang'ana kudenga.

Koma a Kaonekera sanafike pa unduna chifukwa chogona. Anadzuka nkhope ikuwala, nanena kuti bwaloli langotulukira chinthu chimene maiko onse akhala akuchisaka. Mfumu inakhutadi, ndipo amene anadya ndi Kamphinda. Ndiye kuti n'zotheka munthu kudya, wina n'kukhuta. Vuto la njala latha. Bwalo linaomba m'manja chiimirire, ndipo Mfumu, posowa pothawira, inawerenga yokha pa wailesi Lamulo la Kudya Kudzera mwa Nthumwi. Kuyambira tsikulo, mwezi uliwonse nduna zizikadya ku Mphesa za Kumwamba m'malo mwa maboma awo, ndipo Mfumu, monga woyambitsa, idzapereka chitsanzo. Za Kamphinda anati mlandu sunathe, angouimika kaye. Kamphinda anabwerera kunyumba akudziwa kuti mlandu suola, ndipo a Kaonekera anali atatuma kale anthu kudzayeza malo.

Ku msika lamulolo analilandira mosadabwa. Wogulitsa matemba anati akuluakulu ankati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye tiona kuti kandidyere adzabwera ndi chiyani. Mayi wina wa tomato anafunsa ngati nthumwi idzamwanso mankhwala m'malo mwake akadwala. Atamufunsa Nankhoma maganizo ake, anangopitiriza kusanja mapeyala.

"Chatsopano n'chiyani pamenepa? Ife chibadwire timakhuta chonchi. Angolilemba basi."

Amene lamulolo linamupweteka msanga ndi amene analiwerenga. Ophika a kunyumba yachifumu anali anthu omvera. Lachiwiri m'mawa anabweretsa phala lokwana supuni imodzi, Kamphinda analawa, ndipo ophikawo anachotsa mbale akuifunira Mfumu tsiku labwino. Masana chimodzimodzi, madzulo chimodzimodzi. Kubweza lamulo sikunali kotheka, chifukwa linanenedwa pa wailesi ndi pakamwa pake pomwe. Lachitatu Mfumu inatuma alonda awiri mwachinsinsi kukagula chimanga chootcha. Anabwera chimanjamanja, milomo ili ndi makala, nanena mwaulemu kuti Mfumu yadya zimanga zinayi ndipo yakhuta.

Lachinayi masana Mfumu inati ikufuna kuyenda yokha kuti iwongole miyendo. Inazungulira kuseri kwa khitchini, kumene inali isanapondeko chilowere ufumu, ikutsatira fungo lina limene linaigwira pamphuno ngati chingwe. Fungolo linaifikitsa pansi pa mitengo itatu ya mapeyala, pamene Nankhoma ankaphula mphika wa futali, mbatata zake zitafewa bwino m'nsinjiro. Kamphinda anadzambatuka n'kugwada. Nankhoma anagwada naye, koma chivundikiro sanabwezerepo.

Mfumu inati yabwera kudzayendera mitengo. Inaitamanda kuti ndi yobiriwira, koma maso ake sanali pa mitengo. Anaipatsa mpando wa ndalema, inakhala. Nankhoma anatenga mbale yaikulu ya malata, anaidzaza mpaka pamwamba, anadulirapo peyala, n'kuima nayo patali pang'ono.

"Pepani Mfumu, tikanakupatsani, koma tikudziwa kuti mwakhuta. Abambowa adya kale."

Mfumu inameza mate. Inati munthu wokhuta akhoza kulawa pofuna kulimbikitsa alimi.

Nankhoma anavomereza kuti n'zoona, koma anati mtima wake sukukhazikika masiku ano, chifukwa pakhomo pabwera anthu ndi zingwe zoyezera, ndipo munthu wa mtima wosakhazikika manja ake amanjenjemera, akhoza kugwetsa mbale. Kamphinda anatsinzina ndi mantha. Mfumu inayang'ana mbale, inayang'ana zikhomo zimene anthu a a Kaonekera anakhoma pansi, ndipo inanena mofulumira kuti mlandu watha, nyumba ndi yawo mpaka imfa.

"Zikomo kwambiri Mfumu," anatero Nankhoma, osasuntha. "Koma mawu a pansi pa mtengo amapita ndi mphepo. Kuno kwathu choona ndi cha pa wailesi."

Mfumu inaseka, kuseka kofooka kwa munthu wosadya masiku atatu. Inalumbira pa manda a agogo ake kuti mawa m'mawa inena. Apo Nankhoma anayandikira n'kugwada, mbale ili m'manja awiri. Kamphinda, mwa chizolowezi cha zaka makumi atatu ndi chimodzi, anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa supuni. Mfumu inamugwira pamkono mwamphamvu zimene palibe ankadziwa kuti idakali nazo.

"Bweza chinthu chimenecho, Kamphinda. Ngati muli poizoni, bola ndimwalire nditakhuta."

Inadya ndi manja, nsinjiro zikutsikira m'chigongono. Itamaliza inafunsa ngati china chilipo.

Mawa lake wailesi inalengeza kuti Mfumu Chikhutiro Wachitatu inayendera mitengo itatu ya mapeyala ya kuseri kwa khitchini, ndipo yalamula kuti mitengoyo isungidwe monga chuma cha dziko, pamodzi ndi nyumba imene ili pambali pake ndi anthu awiri okhalamo. Za mbale ziwiri za futali sinatchule, choncho sizinachitike. Nankhoma anamvera ali ku msika mpaka muulutsi atamaliza, kenako anapita kunyumba kukazula zikhomo zija, n'kusonkhezera moto.